Sabata imene mabakiteriya anga anaiwala kuwerenga

Lolemba ndinalowa mu labotale 7 koloko isanakwane, kunja kuli bii monga kumakhalira kuno ku Britain mu Novembala. Ntchito yanga ndi kufufuza mmene bakiteriya wotchedwa E. coli amakoperera DNA yake asanagawikane pawiri. DNA yakeyo ndi yozungulira ngati nkhata, ya zilembo pafupifupi 4.6 miliyoni, ndipo kukopera kumayambira pamalo amodzi okha, otchedwa oriC. Puloteni ya DnaA ikaunjikana pamenepo imatsegula zingwe ziwiri za DNA, makina okopera n'kunyamuka, ena kulowera uku ena uko, mpaka kukakumana kuseri. Ulendowu umatenga mphindi pafupifupi 40.

Koma mukamupatsa msuzi wonona pa madigiri 37, bakiteriyayu amagawikana mphindi 20 zilizonse. Zitheka bwanji? Cooper ndi Helmstetter anayankha mu 1968: amayamba ulendo wachiwiri woyamba usanathe, moti mwana amabadwa DNA ya adzukulu ili kale m'njira. Ma oriC onse a m'selo limodzi amanyamuka nthawi imodzi, choncho mukawawerenga mupeza 2, 4 kapena 8.

Ine ndinali nditachotsa jini imodzi (kachigawo ka DNA kokhala ndi malangizo opangira puloteni) imene ndimaikayikira kuti imathandiza kusunga nthawi imeneyi. Tsikulo ndinathira mankhwala awiri m'botolo la mabakiteriya. Woyamba ndi rifampicin, yemwe uja wa TB amene amafiiritsa mkodzo. Amaletsa kuyamba ulendo watsopano koma woyambika kale amausiya uthe. Wachiwiri ndi cephalexin, woletsa selo kugawikana. Kenako n'kudikira maola anayi. Anthu amaganiza kuti wasayansi amakhalira kutulukira zinthu, pomwe nthawi yambiri timangotsuka mabotolo ndi kuyang'ana wotchi.

Lachiwiri masana ndinapititsa maselowo m'makina owerengera DNA, amene amawadutsitsa limodzilimodzi pa kuwala kwa laser. Oyerekezera, aja osachotsedwa kanthu, anatulutsa timapiri tiwiri toongoka pakompyuta, pa 4 ndi pa 8. Anga aja anatulutsa 3, 5, 6 ndi 7, mzere wonse uli mano okhaokha ngati sowo. Mtima unagunda. Zimenezi zimatanthauza kuti ma oriC sakunyamukanso pamodzi. Ndinajambula ndi foni, ndipo m'basi ndinkangotsegula chithunzicho ngati cha mwana wobadwa kumene.

Lachitatu ndinawaonetsa abwana. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anangofunsa ngati ndatsimikiza kuti bakiteriya wa m'chubumo ndi amene ndikumuganizirayo. Ndinakhumudwa, osabisa ayi.

Madzulo ake ndinali ndi ophunzira, ndipo mutu unali wa Reiji ndi Tsuneko Okazaki a ku yunivesite ya Nagoya ku Japan. Phunziro limeneli sindilitopa nalo. Pa chingwe chilichonse, makina okopera DNA amayenda molowera mbali imodzi yokha, pomwe zingwe ziwirizo zinayang'ana kosiyana. Ndiye chingwe chinacho chimakopedwa bwanji? Banja la Okazaki linkapatsa mabakiteriya thymidine, chimodzi mwa zomangira DNA, wokhala ndi chizindikiro cha tritium, kwa masekondi ochepa chabe, n'kuwaimitsa mwadzidzidzi kuti aone DNA yopangidwa kumeneyo. Anapeza tizidutswa ta zilembo 1,000 mpaka 2,000, timene pambuyo pake timasokedwa pamodzi ndi puloteni yotchedwa ligase. Atagwiritsa ntchito kachilombo kogwira mabakiteriya kotchedwa T4, kokhala ndi ligase wolumala, tizidutswato tinangounjikana. Zinamveka padziko mu 1968. Reiji, yemwe anali ku Hiroshima chaka cha bomba, anamwalira ndi khansa ya m'magazi mu 1975 ali ndi zaka 44. Tsuneko anatsala ndi ana awiri, labotale, ndi funso lomwe ena ankalikayikirabe: kodi kachidutswa kalikonse kamayambira pa chiyani? Anakakamira mpaka gulu lake linaonetsa kapangidwe ka kachingwe kakafupi ka RNA komwe kamakhala koyambira. Mabuku ambiri amangolemba kuti "Okazaki", ndipo ophunzira anga onse ankayesa kuti ndi bambo mmodzi. Zimandinyansa. Ntchito yotsimikizira, yotopetsa ija, anaisenza mayiyu kwa zaka.

Ndikuyankhula choncho, funso la abwana linkandiluma. Ophunzira atatuluka ndinakonza PCR, njira yochulukitsa kachigawo ka DNA kuti ndione ngati jini ija inachokadi.

Lachinayi m'mawa ndinathira zotulukazo mu gel wosiyanitsa zidutswa za DNA malinga ndi kutalika kwake, n'kuyatsa magetsi, n'kudikira mphindi 40. Pansi pa kuwala kwa UV mzere unaonekera pamwamba, pamalo a jini yathunthu. Jini imene ndimati ndinachotsa ija inalipo, yamoyo. Ndinavala magolovesi okhuthala n'kupita ku firiji ya madigiri 80 pansi pa ziro, kukatulutsa bokosi langa. Machubu awiri oyandikana, zolemba zanga zomwe, koma pa china inki inasungunuka ndi sipiriti, 17 n'kumaoneka ngati 11. Ndinatapa bakiteriya wopanda jini ya dam, amene timasungira dala kuti tiziyerekezera. Puloteni ya Dam imaika chizindikiro pa zilembo GATC, zomwe pa oriC zilipo 11, ndipo chizindikirocho chimathandiza puloteni ina, SeqA, kutsekera oriC amene wangonyamuka kumene kuti asabwereze msanga. Dam ikasowa, manambala amasokonekera ndithu. Zimene ndinatulukira Lachiwiri lija anzathu anazilemba ine ndisanayambe sukulu. Woti ndimuloze chala panalibe.

Abwana sanakalipe. Anangondipatsa mpukutu wa timapepala tomata tosasungunuka.

Lachisanu ndikupaka bakiteriya woyenera pa mbale zatsopano, amayi anaimba kuchokera ku Blantyre. Iwo akamva ndikunena za majini amadandaula, amayesa ndikusewera ndi ziwanda. Ulendo uno anali ndi nkhani: mdzukulu wawo wina anam'peza ndi taifodi, kuchipatala am'patsa ciprofloxacin.

"Amayi, mankhwala amenewo ndi a ntchito yangayi," ndinatero. "DNA ikamatseguka, kutsogolo imapotana ngati chingwe cha mbuzi yozungulira pachikhomo. Pali puloteni ina, gyrase, imene imadula n'kumasula n'kulumikizanso. Mankhwalawo amaigwira itadula, isanalumikize."

"Ndiye amwe onse kapena akachira asiye?"

"Amalize onse monga anenera adokotala, amayi. Musasungeko ena."

"Chabwino mwanangu. Koma iwe ukudya?"

Ndinalemba mbale zinayi, dzina pansi ndi m'mbali momwe, n'kuziika mu incubator pa madigiri 37. Zimafuna usiku wonse kuti timadontho toyera timere, choncho Loweruka ndibweranso, basi yoyamba ya 6:40.