Mmene ndinapezera ndalama za kafukufuku wa chuku mu mtedza

Ulendo woyamba umene ndinapempha ndalama za kafukufuku, mu 2022, anandikana ndi kalata yaifupi. Ganizo langa anati n'labwino, koma munali chiganizo chimodzi chomwe ndinachibwereza kambirimbiri: wopemphayu sanafotokoze kuti deta yomwe adzasonkhanitse idzasungidwa kuti, idzakhala m'manja mwa yani, ndipo idzathandiza ndani pulojekiti ikadzatha. Zinandiwawa chifukwa zinali zoona. Pa fomu panali malo ofunsa zimenezo, ine n'kungolembapo mizere iwiri usiku womaliza, yakuti zonse zidzakhala pa kompyuta ya ku dipatimenti yokhala ndi pasiwedi.

Ndimaphunzitsa za zakudya pa yunivesite ina ya boma, ndipo chimene chimandisowetsa tulo ndi chuku. Ndinakulira ku Mchinji, kumene mtedza ndiye ndalama. Nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus ikalowa mu mtedza wosauma bwino imatulutsa poizoni wa aflatoxin, amene sachoka pokazinga kapena pophika. Poizoniyu amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, ndiponso akatswiri amamuganizira pa nkhani ya kupinimbira kwa ana. Mayiko a mu European Union salola poizoniyu apitirire magawo 4 pa biliyoni mu mtedza wodyedwa ndi anthu. Ife kumudzi timasankha wabwino kupita nawo ku msika, wofota ndi wothimbirira uja n'kutsala pakhomo, kusanduka nsinjiro za m'phala la mwana. Ena amawaza madzi pa makoko kuti afewe pouswa, osadziwa kuti akuyitana nkhungu. Ndinkafuna kutenga mtedza kwa alimi, kuujambula, kulemba mmene unaumitsidwira, kuuyeza ku labotale, kenako n'kuika zonsezi pamodzi kuti ophunzira za makompyuta adzayese kupanga kachida ka pa foni kothandiza mlangizi kuzindikira thumba lokayikitsa.

Mu 2023 ndinayambiranso, ndipo nayi njira yomwe ndinadutsa.

Ndinayamba n'kufufuza kumene kuli ndalama. Kuno kwathu khomo loyamba ndi National Commission for Science and Technology ku Lilongwe, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2003, ndipo nthawi zina imalengeza mwayi mogwirizana ndi Science Granting Councils Initiative. A zaulimi amadziwa RUFORUM ya ku Kampala, yomwe imathandiza kwambiri kafukufuku wokhala ndi ophunzira a masitazi. Kuli TWAS ku Trieste, kuli IDRC ya ku Canada, kuli Science for Africa Foundation ku Nairobi. Kunabweranso Lacuna Fund mu 2020, yolipirira ntchito yeniyeni yosonkhanitsa deta yophunzitsira makompyuta pa zaulimi, zaumoyo, zilankhulo ndi nyengo. Ndinalembetsa imelo yanga kulikonse kumene amatumiza zilengezo, ndipo Lolemba lililonse m'mawa ndinkapatula theka la ola kuziwerenga. Chilengezo chomwe ndinasankha chinali cha bungwe lina lakunja lofuna mapulojekiti a deta m'mayunivesite a mu Africa.

Musanakondwere ndi kuchuluka kwa ndalama, werengani kaye ndime ya oyenera kupempha. Ena amafuna PhD, ena amaika malire a zaka, ena amati mukhale mayunivesite awiri a mayiko osiyana. Ine ndinasindikiza chilengezo chonse, n'kudula mzere pansi pa liwu lililonse lakuti "ayenera". Ndinayang'ananso ola lotsekera, chifukwa limalembedwa pa nthawi ya kwa eni ndalama, osati ya ku Zomba kapena ku Mzuzu.

Tsiku lomwelo ndinapita ku ofesi yoona za kafukufuku ya pa yunivesite yathu. Ichi n'chimene ambiri timachedwa nacho. Ndalamazi sapatsa munthu, amapatsa yunivesite, choncho pamafunika kalata yosainidwa ndi akuluakulu, zikalata zosonyeza kuti sukulu inalembetsedwa, ndi malipoti a owerengetsa chuma. Wosayinayo akhoza kukhala ali ku msonkhano sabata yathunthu. Mayi wina wa mu ofesimo anandiuza mosabisa kuti, "Adokotala, mukabwera kutatsala masiku awiri, ndidzakumverani chisoni koma kalata simudzaiona." Ndinawasiyira chilengezocho kutatsala milungu isanu ndi umodzi.

Anzanga ogwira nawo ndinapeza awiri: mphunzitsi wa za makompyuta wa ku yunivesite ina, ndi woyang'anira laibulale wa kwathu konkuno. Chaka choyamba chija sindinaganizeko n'komwe za a laibulale, koma iwowa ndi amene anasintha pulopozo yonse, chikalata chopemphera ndalamacho. Anandifunsa ngati ndili ndi ORCID, nambala ya manambala 16 yomwe imasiyanitsa wofufuza mmodzi ndi wina wa dzina lofanana. Ndi yaulere, ndinalembetsa tili chikhalire. Kenako anatsegula DMPonline, chida cha Digital Curation Centre ya ku Edinburgh chomwe chimakufunsa mafunso limodzilimodzi mpaka ndondomeko ya kasamalidwe ka deta itatuluka.

Apa ndipo tinatherapo milungu iwiri, ndipo sindidandaula ngakhale tsiku limodzi. Mafunso ake amaoneka apafupi. Zithunzi zidzakhala zingati, zazikulu bwanji? Fayilo iliyonse idzatchedwa chiyani? Laputopu ikabedwa mu minibasi, china chatsala kuti? Tinagwirizana kuti deta izikhala malo atatu: pa seva ya yunivesite, pa hard drive yotsekeredwa m'kabati, ndi pa intaneti. Mafunso a kumunda tinawaika pa KoboToolbox, pulogalamu yolembera mayankho pa foni, chifukwa imagwira ntchito popanda netiweki ndipo imatumiza zonse ukafika pamene pali netiweki. Ziwerengero tinati zidzasungidwa mu CSV, yomwe imatseguka pa kompyuta iliyonse popanda kugula pulogalamu. Tinalembanso kabuku komasulira mzati uliwonse wa tebulo, kuti munthu wosandidziwa, patapita zaka khumi, adzamve kuti nambala 2 pansi pa "kaumitsidwe" ikutanthauza pa thandala, osati pa dothi. Opereka ndalama amakonda kutchula mfundo za FAIR, zomwe zinasindikizidwa mu 2016. Tanthauzo lake n'lakuti deta ipezeke, ifikirike, igwirizane ndi ina, ndipo wina athe kuigwiritsanso ntchito. Tinalonjeza kuti pomaliza tidzaiika pa Zenodo, nkhokwe yaulere yoyendetsedwa ndi bungwe la sayansi la ku Ulaya la CERN, yomwe imapereka nambala ya DOI kuti aliyense woigwiritsa ntchito atchule eni ake.

Koma funso lomwe linandiimitsa mutu linali lina. Ndinkafuna kulemba GPS ya khomo lililonse, chifukwa mapu amakongoletsa lipoti. Mnzanga wa makompyuta anandifunsa: mukaika poyera kuti mtedza wa pa khomo lakutilakuti uli ndi chuku wambiri, mavenda akadziwa, mayiyo adzagulitsa kwa yani? Ndinakhala chete. Mlimi amene wandilandira, kundiyalira mphasa, kundipatsa mtedza wake, ndiye ndimuphere msika ndi kafukufuku wanga? Tinalemba kuti mayina adzachotsedwa, khomo lililonse lidzakhala ndi nambala yokha, pepala lolumikiza dzina ndi nambala lidzasungidwa padera lokiyidwa, ndipo poyera padzangotchulidwa EPA, dera la alangizi a zaulimi lokhala ndi midzi yambiri, osati mudzi. Pa zithunzi padzaoneka mtedza wokha pa mbale yoyera, popanda nkhope kapena nyumba. Pamene lamulo loteteza deta ya anthu la Data Protection Act linkabwera mu 2024, ife tinali titakonzeka kale. Ndimakhulupirira kuti ndime imeneyi ndi imene inatipambanitsa, pakuti awiri mwa atatu amene anaunika pulopozo anaitchula.

Mbali ya ganizo lenilenilo sinandivute kwenikweni. Ndinafotokoza vuto pa tsamba limodzi, ndinaonetsa zomwe ofufuza a ku Chitedze ndi ena anachita kale kuti ndisaoneke ngati ndayamba ndine, ndinalumikiza ntchitoyi ndi mzati woyamba wa masomphenya a dziko a Malawi 2063 wokamba za ulimi wa phindu. Ndinapatsa mlongo wanga, yemwe ndi namwino, kuti awerenge chidule chake. Pomwe anakwinya nkhope ndinalembanso.

Bajeti ndiye inafuna mutu wozizira. Ndinakhala ndi akauntanti wa mapulojekiti masana awiri athunthu. Tinaikamo zoyezera chuku zomwe zimachokera kunja, mafuta a galimoto, malipiro a ophunzira awiri, alawansi ya alangizi motsata mitengo yovomerezeka, mabandulo a intaneti, mabatire osungira moto chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, ndalama yogulira mtedza kwa alimi pa mtengo wa pa msika m'malo moupempha, ndi ulendo wobwerera kumudzi kukapereka zotsatira. Musaiwale gawo lomwe yunivesite imatenga loyendetsera ntchito. Opereka ndalama ena amaika malire pa gawoli, ndipo akasiyana ndi lamulo la sukulu yanu mukambirane musanatumize, osati ndalama zitafika. Ikaninso ndalama ya komiti yoona za ufulu wa anthu pa kafukufuku. Kuno kuli NHSRC ya zaumoyo, NCRSH ya za chikhalidwe cha anthu, ndi makomiti a m'mayunivesite monga COMREC. Onsewa amalipiritsa, choncho funsani mtengo wake bajeti isanatsekedwe. Chinthu chimodzi chomwe ndinaumirira, ngakhale akauntanti ankati tichotse, chinali miyezi itatu ya malipiro a munthu woyeretsa ndi kulongosola deta. Ntchito imeneyi ndi yaikulu, ndipo ikasowa mwini imagwera wophunzira wotopa kumapeto kwa semesita.

Ndinatumiza kutatsala masiku atatu. Zinathandiza, chifukwa webusaiti yawo inakana fayilo imodzi yoti yakula, ndipo netiweki ya ku ofesi inali itagwa. Ndinakamalizira kunyumba pa bandulo ya foni, n'kusunga imelo yotsimikiza kuti alandira.

Panadutsa miyezi inayi kuli zii. Kenako kunabwera mafunso asanu ndi limodzi oti ndiyankhe m'masiku khumi, ndi kucheza kwa theka la ola pa Zoom. Anafunsa kwambiri za alimi: adzapindula chiyani, ndipo adzamva bwanji za chilolezo ngati ena sadziwa kuwerenga? Ndinawaonetsa fomu ya chilolezo ya m'Chichewa, yowerengedwa mokweza pamaso pa mboni yosankhidwa ndi mlimi mwini, yokhala ndi malo odinda chala. Ndinafotokoza kuti tidzayamba kwa bwanamkubwa, kenako ku ofesi ya zaulimi, kwa agulupu ndi anyakwawa, koma kuti kuvomera kwa mfumu sikulowa m'malo mwa kuvomera kwa mayi mwini mtedza. Patatha milungu itatu kalata yabwino inafika.

Walira mvula walira matope. Kalata si ndalama. Panatsala mgwirizano woti maloya a mbali zonse auone, mafunso okhudza kayendetsedwe ka chuma pa yunivesite, ndi chilolezo cha komiti ija, chomwe chinandibwerera kamodzi kuti ndikonze mawu ena pa fomu ya Chichewa. Tili mkati modikira, mu November 2023, kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Bajeti inali m'madola, koma mitengo yonse yomwe ndinatolera m'masitolo inali ya kwacha yakale, ndipo zinthu sizinakwere mofanana. Ndinalembera opereka ndalama kalata yofotokoza, n'kupempha chilolezo chosuntha ndalama kuchoka pa mzere wina kupita pa wina. Analola. Musadzasunthe nokha mwakachetechete, ngakhale chifukwa chake chikhale chomveka bwanji, chifukwa owerengetsa chuma amatsata pepala. Ndinapemphanso kuti kalendala ya ntchito itsate nyengo yokolola, pakuti mtedza sudikira siginecha. Ukaphonya May ndi June, wadikira chaka.

Kumunda zinayenda ndi mavuto ake a masiku onse, mizere ya mafuta ndi misewu. Lisiti lililonse ndinkalijambula pa foni tsiku lomwelo, chifukwa inki ya malisiti ambiri imafufutika isanathe miyezi iwiri. Lachisanu lililonse woyang'anira deta ankafananiza zithunzi ndi manambala a matumba, ndipo kawiri anapeza zolakwika tikadali pafupi moti tinabwerera kukakonza. Malipoti anali awiri pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, la ntchito ndi la ndalama, ndipo gawo lotsatira la ndalama silinkatuluka mpaka onse awiri atavomerezedwa.

Deta tinaiika pa Zenodo ndi mayina a tonse amene tinagwira ntchito, kuphatikizapo ophunzira ndi a laibulale. Ulendo womaliza unali wa kumudzi. Mlimi aliyense tinamupatsa zotsatira zake mu envelopu, payekha, ndipo pa bwalo tinangokamba za dera lonse: kuumitsa pa thandala kapena pa mulu wa Mandela (mulu wa mtedza wosathothola wosanjidwa kuti mphepo izidutsamo) m'malo mwa pa dothi, kusawaza madzi pouswa, ndi kusapatsa ana mtedza wotsala posankha uja. Titamaliza, gogo wina anaimirira n'kunena kuti, "Aphunzitsi, zamveka. Nanga wofotawo tiziutaya, pamene ndiwo zilibe nsinjiro? Tiziutani?" Ndinawauza zoona, kuti yankho lokwanira ndilibe. Funso lawolo ndinalilemba m'kope langa mmene analinenera, ndipo lili pa tsamba loyamba la pulopozo yomwe ndikulemba panopa.