Ndege ya pa lichero

Drone ija inalowa m'nyumba mwanga ngati chikole. Alamu anga, achimwene awo a mayi a ana, anabwera kudzacheza kuchokera ku Durban, ndipo itakwana nthawi yobwerera zinapezeka kuti ndalama ya basi inatsalira m'mabala a pa Nchalo. Ndinawabwereka, iwo n'kundisiyira kabokosi. M'katimo munali kandege kotuwa, ka miyendo inayi yopinda, kolemera magalamu 249, ndi rimoti yolumikiza ku foni.

Ndalama atalandira sananyamuke. Anati n'kulakwa kusiyira munthu chuma osamuonetsa kagwiridwe kake. Iwo amati ku Durban amagwira ntchito m'boti lonyamula alendo kukaona anamgumi panyanja ya mchere, ndipo woulutsa drone kujambula alendowo ndi iwo amene. Mayi a ana amati ntchito ya achimwene awo n'kutsuka botilo likabwerako. Ine sindinalowererepo, za pachibale zimenezo.

Ndinati tikayesere pabwalo la mpira la kusukulu kwathu. Anaseka mpaka kukhosomola.

"Alamu, pabwalo ndi za ana. Katswiri amaulutsira pamadzi."

Nyanja ya mchere kuno tilibe, koma Elephant Marsh tili nayo. Inu a kumtunda mumangoionera patali mukamatsetsereka phiri kulowera pa Thabwa. Ndi dambo la mahekitala oposa 60,000, kuyambira kumunsi kwa Chikwawa mpaka ku Chiromo, mmene Shire amagawikana timifuleni tambirimbiri m'kati mwa bango ndi gumbwa. David Livingstone podutsa mu 1859 akuti anaonamo njovu pafupifupi 800, dzina n'kuchokera pomwepo. Njovuzo zinatha kalekale. Zatsala ndi mvuu, ng'ona, mbalame ndi udzudzu. Mu 2017 dambolo linalembedwa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, koma ng'ona palibe anakaziuza, zikuluma monga kale.

Tinapita Loweruka lina mu Okutobala, mwezi umene kutentha kuno kumadutsa 40 munthu asanadye nkhomaliro. Minibasi mpaka ku Bangula, kenako kabaza mpaka padoko. Alamu anali atachenjeza kuti kandegeko kamafuna ponyamukira posalala, ndipo bwato losema pansi pake m'pokumbika, madzi sasowapo. Ndiye ndinanyamula lichero la mayi a ana, iwo ali kumjigo.

Titangotsegula kabokosi padokopo, anthu anatizinga. Kumeneku drone si yachilendo ayi. Madzi a namondwe wa Idai atasefukira mu 2019 mabungwe anabwera nazo kudzajambula midzi yomira, ndipo pambuyo pake kunabwera ufa ndi mapulasitiki. Anthu anasunga m'mutu kuti kandege kakalira, thandizo lili m'njira. Mayi wina anandikoka malaya.

"Abwana, mayina mukulembera pati? Ulendo watha uja anandidumpha."

Ndinafotokoza kuti ndine mphunzitsi wa pulayimale, tabwera kudzasewera chabe. Mayiwo anagwedeza mutu mwaulemu, n'kutuma mwana kuti akaitane anzawo.

Wopalasa bwato anali madala ena owonda, a chipewa cha mlaza. Anayang'ana drone, anayang'ana lichero, n'kuyika nkhafi pansi.

"Aphunzitsi, ine ndayamba kupalasa nthawi ya Kamuzu. Ndanyamulapo mbuzi, njinga zamoto, maliro amene. Koma ndege yonyamukira pa lichero, masanasana, m'bwato mwanga ayi."

Alamu anawonjezera ndalama, yochokera m'thumba mwanga. Madala anaiwerenga, n'kunena kuti za ku Joni mwina sizigwira anthu a kuno.

Tinalowa m'kati ndithu, mpaka phokoso la padoko linazilala. Kunyamutsa kokhako inali ntchito. Kandege kotere ukakayatsa kamafuna kakhale phee kuti tizipangizo ta m'kati tidziwe pansi ndi kuti, kumwamba ndi kuti, ndiye bwato likamagwedera kamangokana. Madala anakankhira bwato m'mbali n'kugwira bango ndi manja awiri. Ine ndinakweza lichero pamutu, drone ili pamenepo, alamu ali ndi rimoti. GPS, kachipangizo kodziwitsa kandege malo amene kali, itagwira, mu foni munayankhula mayi wachizungu. Chingerezi ndimaphunzitsa, koma cha mayi ameneyo chinali cha m'mphuno.

"Akuti chiyani, alamu?"

"Akungopereka moni."

Mapiko analira, fumbi la gaga lotsalira m'lichero linandithira m'maso, kandege ako mmwamba.

Apa ndinene chilungamo, zimene ndinaona pa foni ija zinandiiwalitsa ngongole. Dambo lomwe ndakhala nalo pafupi moyo wonse ndinali ndisanalidziwe. Timifuleni tokhotakhota, maluwa a nyika oyala pamadzi, akakowa ali mbuu pa gumbwa, asodzi a makakana m'timabwato tawo, minda ya chimanga cha kudimba pa tizilumba tomwe sungaganize kuti pamafika munthu. Alamu anandipatsa rimoti. Chala cha kumanzere kukweza ndi kutembenuza, cha kumanja kupita kutsogolo ndi m'mbali. Ndinaizolowera msanga moti ndinayamba kuganiza zojambula maukwati. Madala nawo anafuna kuona, anasiya bango lija n'kudzasuzumira paphewa panga, akulozera pamene pali mono wa mphwawo.

Palibe anazindikira kuti tikuyenda. Shire m'dambomo samveka, koma saima. Maso onse ali pa foni, bwato linali likutsetsereka mwakachetechete.

Pa kabokosi analemba kuti batire limatha mphindi 30. Mphindi zimenezo n'za kumalo kopanda mphepo, ndipo masana amenewo mphepo inali itayamba. Rimoti inayamba kulira. Pa foni panabwera manambala owerenga chobwerera kuchokera pa 10, ndipo asanafike pa 5 foniyo, yomwe inali itatentha ngati mbatata ya pamoto, inalemba kuti yatenthedwa n'kuzima.

"Alamu, yazima!"

"Isiyeni. Batire likachepa imabwerera yokha kunyumba. Ku Durban timangopinda manja."

Anapindadi manja. Kandege kanakwera mmwamba, kanatembenuka bwinobwino, n'kutipatsa nkhongo. Kanalunjika kumtunda kwa mtsinje, osacheuka.

Moni wa mayi wachizungu uja sunali moni. Amanena kuti malo amene tanyamukirawo awalemba kuti ndiye kunyumba. Drone sidziwa bwato, sidziwa mwini wake, imadziwa kadontho ka GPS pamene inanyamukira. Pamtunda zimenezi n'zabwino, chifukwa bwalo la mpira silisuntha. Pamadzi iwe umachoka, kadonthoko n'kutsala. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Sitandade 6, yemwe anakachita maphunziro a ma drone pa sukulu imene UNICEF inathandiza kutsegula ku Lilongwe mu 2020, anadzandiuza pambuyo pake kuti woulutsira m'boti amayenera kumasintha kunyumbako pafupipafupi kuti kukhale pamene pali rimoti, ndipo potera amaiwakha ndi dzanja batire lisanafike pothera. Nditawafunsa alamu za zimenezi anati ku Durban kapitawo wa boti amaponya nangula, ndiye wolakwa ndi madala posakhala ndi nangula.

Tinatembenuza bwato. Madala ndi nkhafi, ine ndi lichero, alamu ndi silipasi. Titakhota pa gumbwa tinaiona ili lende pamwamba pa malo athu aja, ikutsika pang'onopang'ono, kuima, kukwera pang'ono, kutsikanso. Timaso take ta pansi timasokonezeka ndi madzi oyenda, sitidziwa ngati pali poponda. Koma poponda panali. Pamalo enieni amene tinagwira bango paja panali patatumphuka makutu, kenako mphuno, kenako misana. Mvuu, ndi kamwana komwe.

Madala anaimika nkhafi m'madzi.

"Ndalama yanu ija yathera pano, aphunzitsi. Ya mwana sitiyandikira."

Ndinayamba kuwerengera mumtima mtengo wa kandegeko poyerekeza ndi malipiro anga, ndipo samu yake inandiwawa. Batire litafika pothera penipeni, drone inasiya kukayika n'kutsika. Nthawi yomweyo panadutsa chigulu cha namasupuni, udzu uja asodzi amautukwana tsiku ndi tsiku chifukwa chotseka njira ndi kukola maukonde. Inatera pamenepo, mapiko n'kuima. Namasupuni anadutsa pakati pa mvuu zija, imodzi inamununkhiza n'kumusiya, ndipo anatsetsereka kubwera kwathu. Alamu anaomba m'manja.

"Mwaona? Ndinati ibwera yokha."

Inabweradi, koma inatidutsa chakutsidya, mmene madzi amathamanga. Tinatembenuzanso bwato. Madala, akupalasa, anatikumbutsa kuti kumunsi kuno kuli Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo kuchoka apo tsidya linalo ndi Mozambique.

"Ikakocheza uko mukaitenge nokha, ndi pasipoti."

Ine ndinaganiza kuti ikapitirira ikafika padoko la Nsanje lija lakhala likudikira sitima chitsegulireni mu 2010, mwina lingalandireko ndege.

Tinaipeza pokhota pena, namasupuni atakodwa pang'ono pa bango. Inali pafupi, koma dzanja silinkafika. M'bwato losema lamulo ndi limodzi, ndipo mwana aliyense wa ku Chigwa amalidziwa: suimirira. Alamu anati, "Imirirani, alamu, ndakugwirani lamba." Ndinaimirira, ndinatambasula lichero, ndinaiwola drone pamodzi ndi masamba ake. Foni ya alamu inalira m'thumba. Anasiya lamba.

Madziwo anali ofunda, ofika m'khosi, pansi pake matope. Ndinavuuka lichero lili pamutu, drone ikudontha. Ndiye china chake chinandigwira mwendo wa kumanja mpaka m'bondo, n'kundibaya pa kakolo.

Sindibwereza zonse zimene ndinakuwa. Ndinaitana amayi anga, omwe anatisiya kale. Ndinaitana Yesu. Ndinauza alamu kuti asamalire ana, kenako ndinasintha n'kunena kuti asawayandikire.

"Ng'ona! Madala, ng'ona yandigwira!"

Madala sanasunthe n'komwe.

"Ikanakhala ng'ona simukanafika pa mawu achiwiri. Kwezani mwendowo tione."

Ndinaukweza. Unatuluka utavala mono, m'kati muli mlamba waukulu wokwiya, womwe munga wake wa m'mbali ndi umene unandilasa. Alamu anatambasula manja, ine n'kuyesa akundivuula. Anatenga drone. Anabweranso, anatenga lichero, poti n'la mlongo wawo. Ine anandikoka ndi madala, chogwira kolala, akudandaula kuti ndikulowetsa madzi m'bwato.

Monowo unali wa mphwawo uja. Ndinalipira mono, ndinalipiranso mlamba, ngakhale mlambawo anapita nawo ndi madala.

Pobwerera alamu anachotsa batire msangamsanga, chinthu chokhacho cholondola chimene anachita tsiku limenelo, n'kuyamba kunditonthoza. Anati ndithokoze kuti Shire ndi wa madzi ozizira mkamwa. Kunyanja kwawo mchere umadya mawaya a m'kati, drone ikangomira basi, ngakhale uivuule pompo. Iyi ingofunika kuikwirira mu mpunga iume.

Mpunga m'nyumba unalimo, wa ku Muona, umene apongozi anabwera nawo kudzaona zidzukulu. Tinaikwirira usiku mu ndowa, osauza munthu. M'mamawa apongozi anapita kukatapa woti aphikire ana phala. Anapisa dzanja, n'kutulutsa chinthu cha miyendo inayi ndi diso limodzi. Pambali pa ndowa panali lichero la mwana wawo, lonyowa, lonunkha dambo, lomwe dzulo lake lonse linasowa. Mfuu yawo inadzutsa mzere wonse wa nyumba za aphunzitsi. Pofika 7 koloko pakhomo panali amayi a Mvano akuimba, mpunga wonse utatayidwa kudzala, ine ndikufotokozera ahedi za GPS nditavala kabudula wogonera.

Drone inauma, imayaka, koma ikanyamuka imapendekera kumanzere n'kukagwera mu mpanda. Alamu anagamula kuti chikole chawonongekera m'manja mwanga, choncho ngongole yafa. Anakwera basi ndi ndalama ina imene anawapatsa mlongo wawo.

Kakhadi ka m'kati sikanafe. Kamera inali ikujambulabe nthawi yonse ili pa namasupuni, ndipo mphindi yomaliza ikuonetsa nkhope yanga ikuyandikira, lilime lili panja, lichero kutsogolo, kenako thambo, kenako thovu. Mwayi wake kandegeko sikajambula mawu. Alamu, ali m'basi cha ku Tete, anaikamo mawuwo okha ndi pakamwa pawo, osaphonya ndi limodzi lomwe, n'kuponya pa gulu la WhatsApp la banja. Pano ana a Sitandade 6 ndikangotembenukira ku bolodi wina amanong'ona kuti "Madala, ng'ona."

Lolemba lapitali wa kabaza wina wa ku Bangula anafika kusukulu kudzandifuna. Anandipatsa mapepala ong'amba m'kope, odzaza mayina kutsogolo ndi kumbuyo, a mfumu atadindapo chidindo. Pansi pake analemba kuti kujambula munajambula kale, ndiye ufawo ukamabwera muyambire mudzi wa padoko.