Loweruka ku Incheon, kumene kunayambira gyeran-ppang

Lero kunacha ndi chisanu choopsa, moti pamene ndimatsika sitima pa siteshoni ya Inha University ku Incheon, zala zanga zinali zitachita dzanzi ngakhale ndinavala magolovesi. Chimene chinandiyendetsa ulendowu ndi gyeran-ppang, kabuledi ka dzira kamene kamagulitsidwa m'misewu ya ku South Korea m'nyengo yozizira, ndipo anthu ambiri kuno amanena kuti kanayambira pafupi ndi chipata chakumbuyo cha yunivesite imeneyi m'chaka cha 1984.

Ndinaima nthawi yaitali pa kagolosale ka mayi wina wachikulire, ndikuonerera momwe amagwirira ntchito yake. Chiwaya chake n'chachitsulo cholemera, chokhala ndi timaenje totalikirapo, ndipo m'kadzenje kalikonse amayamba wapakamo mafuta, kenaka amathiramo phala la ufa wa tirigu losakaniza ndi mkaka ndi shuga. Akatero amaswa dzira lathunthu pamwamba pa phalalo, mosamala kuti chikasu chake chisaphulike, n'kuwazapo kamchere pang'ono, n'kuvindikira. Dzanja lawo mayiwo silinaphonye ngakhale kamodzi, chonsecho amacheza ndi ophunzira amene anali pamzere.

Anandipatsira m'kapu ya pepala kadakali kotentha kwambiri. Kunsi kwake n'kofewa ndiponso kotsekemera ngati chikondamoyo chophikidwa bwino, koma mano akafika pa dzira umakumana ndi mchere, ndipo kukumana kwa shuga ndi mchere kumeneku ndiko kumakometsa chakudyachi. Chikasu chinali chitapsa koma chisanaume. Ndinamvetsa chifukwa chake kanatchuka pakati pa ophunzira, popeza munthu wa ndalama zochepa amapeza dzira lathunthu ndi buledi wotentha pa mtengo wotsika, ndipo amatha kudya akuyenda.

Madzulo ndinabwerera ku Seoul, ndipo ndinadzera ku Myeongdong kumene alendo ochokera kunja amadzaza msewu wonse. Kumeneko ndinagula kena kothira tchizi pamwamba, pa mtengo wokwererapo. Sindinganene kuti kanali koipa, koma tchiziyo inaphimba kukoma kwa dzira, ndipo ine ndikuona kuti kabuledi kameneka kamakoma kopanda zowonjezera, monga momwe mayi wa ku Incheon uja amakaphikira. Pafupi pomwepo panali wogulitsa bungeoppang, timakeke tooneka ngati nsomba tokhala ndi nyemba zotsekemera m'kati, koma m'mimba munalibenso malo, choncho ndinathamangira sitima yobwerera kunyumba.