Thovu lija silinali la uve, anali hops

Hazy IPA ija, mowa wa mbuu wa hops ambiri umene ndimafulula kunyumba, tsopano yakhala bata m'botolo, anzanga. Ndatsegula limodzi kumapeto kwa sabataku, chitsekerero chinangoti tsii, thovu linakwera zala ziwiri m'tambula n'kuima pomwepo. Amene munabwera kuno ku Mufakose nthawi yotentha ija mukudziwa chifukwa chake ndikuchita kulengeza. Pajatu theka la botolo lililonse linkathera pa tebulo, ena mpaka munkakatsegulira panja mutayang'ana kumbali.

Zothiramo sindinasinthe ngakhale chimodzi. Malita 20, chimera cha pale malt makilogalamu 4, oats wophikira phala yemweyu theka la kilo, tirigu theka linanso, mash, kunyika chimera m'madzi otentha, pa madigiri 68 kuti mowa uzimveka wolemerera m'kamwa. OG, mulingo wa shuga mowa usanayambe kuwira, 1.054, yisiti US-05. Yisiti ikamaliza ntchito hydrometer, chida choyezera shuga wotsala mumowa, inkaima pa 1.014, ndipo inkaimadi, kuyeza lero, mawa, mkuja, nambala yomweyo. Apo ndiye ndinkathira dry hop, kutanthauza hops (maluwa opatsa mowa fungo ndi kuwawa) othira mowa utazizira kale, magalamu 150, mitundu ya African Queen ndi Southern Passion mofanana, n'kuwonjezera ka Citra kotsalira m'firiji. Hops akakhalamo pang'ono, shuga wa priming, woti yisiti ipangire mpweya m'botolo, magalamu 110, basi m'mabotolo. Masabata oyambirira mowa unkakoma kwabasi. Ukangopitirira mwezi, botolo lililonse linkasanduka kasupe. Kakomedwe nako kankasintha: kulemerera kuja kutha, mowa kumauma kukhosi, ndipo chapansipansi kumamveka kafungo ka batala.

Aliyense amene ndinamufotokozera yankho linali limodzi: uve. Amalume anga, amene anakulira pafupi ndi mbiya za masese kwa agogo ku Dedza asanabwere kudzagwira ntchito kuno, anangonunkhiza n'kunena kuti, "Mphwanga, ziwiya zako sizikutsukika." Munthu wamkulu sutsutsana naye, komanso kawirikawiri amakhala akunena zoona. Mabotolo onse ndinawanyika mu caustic, kenako mu sanitiser, paipi ndinagula yatsopano, kampopi ka ndowa ndinakamasula n'kukatsuka ndi mswachi. Mowa wotsatira unasefukira chimodzimodzi.

Ndiye ndinayamba kukayikira mowa wina, saison ya chaka chatha, ija ya makoko a manachesi imene ena mumaifunsabe. Ndinaifululira mu ndowa yomweyi. Yisiti zambiri za saison ndi za mtundu wa diastaticus, zimene zimatulutsa enzyme yophwanya shuga wovuta amene yisiti wamba imamusiya, ndipo zikabisala pomwe pulasitiki inakalika sizichoka msanga. Zizindikiro zake zinali ndendende ndi zimene ndinkaonazi. Ndinakwera kombi kupita ku Mbare, ndowa yatsopano, chivindikiro chatsopano. Palibe chinasintha. Madzi nawonso ndinawazenga mlandu: ndinasiya a pa mjigo n'kuyesa a pa mpopi othira Campden, mankhwala ochotsa chlorine. Zinangondidyera chimera ndi gasi.

Amene anandichotsa m'tchire ndi m'bale wina wa ku Highfield, mphunzitsi wa sayansi, amene safulula n'komwe koma amakonda kudzalawa. Anati, "Achimwene, mukungosintha ziwiya. Gawani mowawo pawiri muone." Nditafulula wotsatira, utaima pa 1.014 koma ndisanathire dry hop, ndinatunga m'mabotolo awiri apulasitiki a zoziziritsa kukhosi, a theka la lita. Lina ndinalisiya choncho, linalo ndinaponyamo ma pellet a hops magalamu 4. Shuga sindinathire m'botolo lililonse. Onse awiri ndinawafinya m'mimba kuti aphwafuke, mowa ufike pakamwa, n'kutseka zolimba, n'kuwaika pamwamba pa kabati kukhitchini. Lopanda hops linakhala chiphwafukire. Linalo linayamba kudziwongola lokha, dzenje lija kumachepa m'mawa uliwonse, mpaka linafufuma n'kulimba gwa moti chala sichinkalowa. Nditachotsa mpweya n'kuyeza, loyamba 1.014, lachiwiri 1.007. Ndowa imodzi, yisiti imodzi, madzi amodzi. Kuwawasa kunalibe, pamwamba panalibenso kanthu koyandama kosonyeza tizilombo.

Vutoli anzathu akunja amalitcha hop creep, ndipo si lachilendo ayi. Mu 1893 akatswiri awiri a ku England, Brown ndi Morris, analemba kale kuti hops ali ndi mphamvu yophwanya sitachi ndi shuga wovuta. Anthu anaiwala chifukwa kwa zaka zambiri hops ankathera mumphika wowira, momwe ma enzyme amafa. Fasho yothira hops ambirimbiri mowa utazizira kale ndi imene inalidzutsa, ndipo ofufuza a ku Oregon State University analifotokoza bwino mu 2018. Mwachidule, yisiti imasiya ma dextrin, shuga wa unyolo wautali amene singathe kumudya, ndipo ndi iyeyu amapangitsa mowa kulemerera. Ma enzyme a mu hops amamudula tizidutswa, yisiti imene inagona imadzuka n'kuyambanso kudya. Ikamadya imatulutsa mpweya, mowa umakwera mphamvu, ndipo kafungo ka batala kaja ndi diacetyl wotuluka pa kuwira kwachiwiriku.

Masamu ake ndi amene anandiziziritsa nkhongono. Poyinti imodzi ya gravity, nambala ya pa hydrometer ija, ikadyedwa m'botolo lotseka imapereka pafupifupi theka la volume ya CO2 (volume imodzi ndi lita ya mpweya pa lita ya mowa). Kuchoka pa 1.014 kufika pa 1.007 ndi mapoyinti 7, kutanthauza ma volume atatu ndi theka. Priming yanga inali ya 2.3. Kuphatikiza tikuyandikira 6, mulingo wa shampeni, m'botolo la 750 ml lobweza kusitolo limene lazungulira m'mabala mosawerengeka. Choncho amene mudakali ndi mabotolo anga akale kunyumba, aikeni m'firiji lero, muwanyamule ndi thaulo, ndipo ana asayandikire.

Tsono apa ndi pamene ndinataya nthawi yambiri, chifukwa malangizo ofala pa intaneti amati thira hops mowa uli wozizira, kwa nthawi yochepa, uwachotse, vuto latha. Kwa iwo latha ndithu. Iwo akatero amathira mu keg, kamgolo kachitsulo kotseka, mpweya amapopera wa mu silinda, ndipo mowa sutulukanso m'firiji mpaka kukafika m'tambula. Yisiti yozizidwa sidzuka. Ife timadalira yisiti yomweyo kuti itipangire mpweya m'botolo, ndiye botolo liyenera kukhala pofunda. Hops mungawasefe bwanji, ma enzyme amakhala atalowa kale mumowa ndipo amapita nawo m'botolo. Onjezani kutentha kwa Okutobala kuno ku Harare, m'nyumba yofolera ndi malata, magetsi atathima kuyambira m'bandakucha. Malangizo amenewo sanalembedwere ife.

Chimene chagwira ntchito ndi kulisiya vutolo lichitikire mu ndowa. Hops ndinawathira yisiti ikadali maso, hydrometer ili cha pa 1.020, n'kusiya ndowa pofunda osaigwiragwira. Inadutsa 1.014 osaima, n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka 1.008. Ndinadikira kuti nambala ibwerezebwereze, ndinatenthetsa kamowa pang'ono m'kapu yovindikira kuti ndimve ngati batala alipo, ndinapeza palibe. Kenako kuziziritsa, priming, mabotolo. Panopa papita nthawi yoposa imene akale aja ankayambira misala, ndipo botolo lapulasitiki limene ndimadzaza limodzi ndi agalasi kuti ndizilifinya likadali momwe liyenera kukhalira.

Sikuti zabwera ulele. Mowa wapepuka m'kamwa, mphamvu yakwera kuchoka pa 5.2 kufika pa 6 peresenti, ndipo fungo la magalagadeya ndi magwafa limene Southern Passion amapereka lachepako chifukwa lina limathawa ndi mpweya pa airlock, potulukira mpweya pa chivindikiro cha ndowa. Ndimaseka ndekha ndikaganiza kuti miyezi yonseyi ndakhala ndikufulula Brut IPA osadziwa. Kim Sturdavant wa ku San Francisco atayambitsa mtundu umenewu mu 2017 ankachita kugula enzyme n'kuthira dala kuti mowa uume. Fashoyo sinakhalitse, ndipo nditamwa mabotolo anga aja sindikudabwa.

Ndinene maganizo anga, ena mukwiye. Hazy IPA si mowa wa munthu wothira m'mabotolo kukhitchini kwake ku Harare. Unabadwira ku Vermont ku America, kumene ofulula mowa a The Alchemist anatchuka ndi mowa wawo wa Heady Topper, ndipo pofika 2018 Brewers Association ya ku America inali itaupatsa gulu lakelake pa mipikisano. Koma moyo wake wonse ndi wa m'chitini ndi mu keg, wozizira kuchokera kofululira mpaka kwa womwa. Kampweya ka oxygen kakangolowa pothira m'botolo, chikasu chowala chija chimada n'kukhala chabulauni, fungo n'kuzilala. Ndiye ndikamva kuti kunjako anthu ayambanso kukonda West Coast IPA yoyera ndi yowawa, cold IPA imene ofulula mowa a Wayfinder ku Portland anayambitsa, ngakhalenso ma pilsner wamba, ine mtima umakhala pansi. Mowa wouma kale, umene yisiti yadya zonse, hops sapezamo chambiri chophwanya. Komanso alendo athu amene anazolowera Zambezi ndi Castle, kapena a kumudzi amene amafunsa Green akangofika, salowa nawo mantha akaona tambula yooneka mbali ina.

Za West Coast ndikumbutse chimodzi, poti wina anandifunsa chifukwa chake pale ale yake siwawa monga pulogalamu ya pa foni inalonjezera. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, madzi amawira cha pa madigiri 95, osati 100. Ma alpha acid, a mu hops amene amawawitsa mowa, amasintha pang'onopang'ono pa kutentha kotsika, choncho kuwawa kumachepa. Muuzeni pulogalamuyo kutalika kwa malo anu, apo ayi onjezani hops owiritsa mphindi 60.

Hops anga ambiri masiku ano ndi a ku George, ku Western Cape, m'munsi mwa mapiri a Outeniqua. Mitundu ya kumeneko, Southern Star, Southern Promise, African Queen, Southern Passion, anachita kuibereketsa kuti izilola masiku afupiafupi kusiyana ndi a ku Ulaya ndi ku Yakima ku America. Southern Star ndimamukonda powawitsa, sachita phokoso. African Queen yekha mu pale ale ya chimera chimodzi anandipatsa mowa wabwino kuposa ina yonse imene ndafululapo, ndipo sindikumvetsa chifukwa chake anthu amangothamangira Mosaic, amene anatuluka mu 2012, ndi Galaxy wa ku Australia, pamene mtengo wake ukafika kuno umachita kuwawa kuposa mowawo. Nelson Sauvin wa ku New Zealand yekha ndiye ndimamusirira, chifukwa cha fungo lake la vinyo woyera.

Amandibweretsera ndi mlamu wanga amene amayenda Johannesburg pa basi. Ndimamupempha kuti paketi ikhale m'chikwama cha m'manja, osati kunsi kwa basi pafupi ndi injini, chifukwa pa Beitbridge basi imatha kuima padzuwa tsiku lathunthu. Paketi yabwino imafika yolimba, foyilo itakakamira pa ma pellet. Ikafika yotakasuka, ma pellet atayamba chikasu, fungo likupita ku tchizi, imeneyo musathire mu dry hop. Kasitolo kamene ndimagulako kumeneko ndimakakonda chifukwa amalemba chaka chokolola pa paketi iliyonse, ndipo ukafunsa amakuuza zoona kuti awa ndi akale, tenga ena. Ulendo ukubwerawu ndamutuma hops wa Cryo pang'ono. Popeza masamba ambiri amakhala atachotsedwa ndipo umathira theka la mulingo, ndikufuna kubwereza mayeso a mabotolo apulasitiki aja ndione ngati nambala itsike mofanana.

Zakutsogolo zachuluka kuposa ndowa. Paketi ya Voss kveik ili m'firiji, yisiti ya alimi a ku Norway imene imasangalala pa madigiri 35 mpaka 40, ndiye chilimwe chikubwerachi sindidzavutikanso ndi matawulo onyowa ndi mabotolo a ayezi. Ndikuganiza kuti pa kutentha kumeneko hop creep izitha msanga mu ndowa, koma tiona. Pali mowa wowawasa wa malambe umene ndakhala ndikuulota, kapena wa masau akayamba kufika ku Mbare Musika kuchokera ku Muzarabani. Amalume avomera kundiphunzitsa kumeretsa chimera cha mapira momwe agogo ankachitira, pa chiguduli chonyowa, ndipo ndikufuna kuyesa theka mapira theka balere ndi Southern Star, ngakhale iwo akuti mowa wosefa mpaka kuoneka mbali ina ndi tiyi.

Palinso ya kuseri kwa nyumba. Kuno tsiku lalitali kwambiri limangopitirira pang'ono maola 13, pamene hops amafuna ochulukirapo kuti akwere mokwanira asanachite maluwa. Nyali ziwiri za sola, mitengo ya bulugamu ya mamita 5 ndi chingwe, ndikuona ngati zingatheke. Mayi akunyumba akuti malowo ndi a chibwabwa ndi tomato, tikukambirana. Amene mukudziwa kopeza mizu ya hops, kapena muli ndi regulator ya CO2 imene ikungokhala, tiyankhulane, tisinthana ndi mabotolo a IPA yatsopanoyi.