Sabata yoyeza madzi oundana mu labu

Lolemba ndi Lachiwiri zinathera pa chiwiya choyezera, chomwe ndi timbale tiwiri tachitsulo totalikirana milimita imodzi. Timayamba tayeza capacitance, kuchuluka kwa magetsi amene chiwiya chingasunge, chiwiyacho chili chopanda kanthu, chifukwa permittivity, nambala yoonetsa mmene ayisi amachulukitsira kusungako, timaipeza pogawa capacitance ya chiwiya chodzaza ayisi ndi ya chopanda kanthuyo. Madzi oyera tinawawiritsa kuti mpweya uchoke, n'kuwaundanitsa pang'onopang'ono kuyambira pansi. Mukachita changu, timathovu timatsekeredwa m'kati.

Chimene tikufufuza n'chakuti molekyulu ya madzi imatenga nthawi yaitali bwanji kuti itembenuke. Mbali yake ina ndi positive, ina negative, ndiye magetsi akamasinthasintha imayesa kuwatsatira. Akathamanga kwambiri imatsalira m'mbuyo, mphamvu ina n'kusanduka kutentha. Peter Debye anazilongosola m'buku la Polar Molecules mu 1929. Koma mu ayisi molekyulu siitembenuka mmene yafunira. Imadikira kuti pafike polakwika paja anafotokoza Niels Bjerrum, pamene pakati pa oxygen awiri palibe hydrogen kapena alipo awiri.

Lachitatu tinayeza pa −10°C, frequency (kangati magetsi amasinthasintha pa sekondi) kuyambira 20 Hz mpaka 1 MHz. Akatswiri Auty ndi Cole mu 1952 anapeza permittivity ya pafupifupi 95 pa frequency yotsika, 3.1 pa yokwera, ndipo mphamvu imatayika kwambiri cha pa 3 kHz. Ife tinapeza 49, nsonga ya kutayika kwa mphamvuko itasunthira ku frequency yokwererapo. Ayisi anali atalekana ndi kambale kapamwamba. Kampata ka ma micrometre 10 okha kamakhala capacitor yachiwiri yolumikizana motsatana ndi yoyamba, ndipo n'kokwanira kudya theka la nambalayo. Ndi maso simungakaone.

Lachinayi tinaundanitsanso madzi, sipuling'i ikupanikiza kambaleko, ndipo m'bokosi tinkapopera nayitrojeni wouma kuti chinyezi chisaundane pa mawaya. Ulendo uno chithunzi cha Cole-Cole, chojambula mphamvu yotayika moyang'anizana ndi permittivity, chinatuluka theka la mkombero loyera bwino, chizindikiro chakuti nthawi yotembenukira ndi imodzi. Kamchira kokwera pansi pa 100 Hz sitinakawerengere, amenewo ndi ma ion, tinthu tonyamula magetsi, ounjikana pa timbale.

Lachisanu tinatsitsa kutentha mpaka −20°C, nsonga n'kutsikira cha pa 1 kHz. Pa sitepe iliyonse timadikira theka la ola, pakuti choyezera kutentha chimakhazikika msanga kuposa ayisiyo. Logarithm ya nthawi yotembenukira tikaijambula moyang'anizana ndi 1/T (T ndi kutentha) pamatuluka mzere woongoka, ndipo kupendekeka kwake kunatipatsa mphamvu yofunika kuti molekyulu itembenuke, pafupifupi 0.58 eV (electronvolt).