Si vesi lililonse lotchula moto limanena za malo amodzi

Abale, musanalalikire za chilango cha oipa, yambani mwafufuza mawu onena za malo a akufa ndi a chilango amene ali m'zilankhulo zoyambirira za Baibulo, chifukwa alipo anayi. Sheol wa Chiheberi ndi Hade wa Chigiriki amanena za malo a akufa. Tatalasi amapezeka pa 2 Petro 2:4 pokha, ndipo akukhudza angelo ochimwa. Gehena ndiye amanena za chilango chomaliza. Mawuwa ali m'Chipangano Chatsopano maulendo 12, ndipo maulendo 11 ndi Yesu amene anawatchula. Gwero lake ndi Chigwa cha Hinomu, pafupi ndi Yerusalemu, kumene mafumu Ahazi ndi Manase anawotcha ana awo monga nsembe, mpaka Yosiya anadetsa malowo (2 Mafumu 23:10).

Ambiri amasokoneza Hade ndi nyanja ya moto. Koma pa Chivumbulutso 20:14 Hadeyo akuponyedwa m'nyanjamo, choncho si malo amodzi.

Mkangano weniweni uli pa kutalika kwa chilangocho. Okhulupirira chizunzo chosatha amagwira Mateyu 25:46, pamene liwu limodzi lomwelo la Chigiriki, aionios (lomasuliridwa kuti "chosatha"), likufotokoza chilango ndi moyo womwe. Onena kuti oipa adzatheratu amagwira Mateyu 10:28 ndi Malaki 4:1. Wowerenga mbali imodzi yokha, kwa ine, sanamalize ntchito.