Phungu wabwerera, koma wamubweza ndani?

Mutu wa monografia yanga, kafukufuku wolemba wa kusukulu, ndinaulandira mosangalala chifukwa ndinkayesa ndi masamu chabe. Aphunzitsi anati ndifufuze kuti pa chisankho chilichonse ndi aphungu angati amene amabwerera ku nyumba ya malamulo, ndipo nkhope zatsopano zimakhala zingati. Ndinati bwenzi nditangoika maina a 2014 pambali pa maina a 2019, nkuwerenga ofanana, basi ntchito yatha. Pano papita miyezi iwiri ndikadali pomwepo.

Amene anandisokoneza poyamba si buku ayi, ndi malume anga okhala kutsidya, mbali ya Dedza ku Malawi. Ife a kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, malire timangowadumpha ngati mzere wa m'munda, ndipo pa maliro ena ku Ulónguè anandifunsa zomwe ndikuphunzira. Nditawafotokozera anaseka nkuti, "Kwathu phungu akapanda kuoneka pamaliro ndi pa mjigo, zaka zisanu zikatha timamutsitsa. Nanga wanu ndani, mphwanga?" Ndinasowa choyankha. Kuno pepala lovotera aphungu limakhala ndi maina ndi zizindikiro za zipani, osati nkhope za anthu. Sitisankha phungu wa Domwe kapena wa Tsangano. Chigawo chonse cha Tete ndi dera limodzi, chipani chimapereka lista yake, ndipo mipando imagawidwa molingana ndi mavoti mwa njira yowerengera yotchedwa D'Hondt, kuyambira dzina la pamwamba kutsika mmunsi. Pa mipando 250 ya nyumba yathu ya malamulo, Assembleia da República, 248 imadzazidwa chonchi, iwiri yotsala ndi ya okhala kunja kwa dziko.

Nditabwerera ku zowerenga zanga ndinapeza kuti funso la malume akatswiri analilowa kale. Richard Matland ndi Donley Studlar, mu kafukufuku wawo wa 2004 woyerekeza maiko 25 olemera, anapeza kuti kumene amavotera malista a zipani aphungu amasinthika kwambiri kuposa kumene dera lililonse limasankha munthu mmodzi. Chifukwa chake nchomveka. Phungu wa dera amakhala ndi anthu akeake omudziwa, ndiye chipani chimaopa kumuchotsa. Wa pa lista alibe chishango chotere. Ku America nkosadabwitsa kuona aphungu oposa 90 pa 100 aliwonse amene aimanso ku nyumba yawo ya malamulo ya House of Representatives akupambana.

Koma apa mpamene ndinayamba kukangana ndi kafukufukuyo. Malawi imasankha munthu mmodzi pa dera, monga America yomweyo, komatu aphungu ake amagwa ngati mango a mu Disembala. Ndiye kachitidwe ka chisankho pakokha sikakwanira kufotokoza. Maganizo anga ndi akuti kumene anthu amayembekeza phungu kugula bokosi la maliro, kulipira fizi ndi kukonza mlatho, kudziwika kumasanduka msampha. Aliyense amadziwa khomo lofikirapo ndi dandaulo, ndipo thumba la munthu mmodzi silingakwanire mudzi wonse. Za ku Mexico ndi Costa Rica ndinangodutsapo, poti kumeneko lamulo ndilo linkatseka khomo: Mexico inaletsa phungu kuimanso motsatizana kuyambira 1933 mpaka kusintha kwa 2014.

Chimene chandidyera nthawi kwenikweni ndi mawu oti "sanabwerere". Munthu angalephere kubwerera chifukwa wamwalira, wapuma, chipani sichinamulembenso, chamulemba koma pa nambala ya kumchira, kapena chipanicho chaluza mipando. Zinthu zisanu zosiyana, koma patebulo langa zonse zimaoneka ngati dzina limodzi losowa. Gawo la ovota limawerengeka ndithu. Frelimo inali ndi mipando 191 mu 2009, nitsika kufika 144 mu 2014, kutanthauza kuti mipando 47 inachoka ngakhale chipani chikanafuna kusunga aliyense. Renamo nthawi yomweyo inakwera kuchoka pa 51 kufika 89. Mu 2019 zinatembenukanso, Frelimo 184, Renamo 60, chipani cha MDM 6. Koma kuti pa 144 aja alowe uje, asalowe uje, izo zinagamulidwa m'misonkhano ya chipani kampeni isanayambe nkomwe. Munthu wa nambala 2 pa lista ya chipani champhamvu m'chigawo wapambana kale asanakwere galimoto ya kampeni. Wa nambala 15 akhoza kuyenda Macanga yense ndi Chifunde mpaka nsapato kutha, osalowa.

Ndiye pali ma suplente, olowa m'malo mwa phungu, amene anandigonetsa mochedwa masiku angapo. Malamulo athu salola munthu kukhala phungu ndi nduna nthawi imodzi, choncho wosankhidwa akapatsidwa unduna, mpando wake umapita kwa wotsatira pa lista. Tsono suplente amene wakhala zaka zinayi m'nyumbamo kenaka nkusankhidwa pa chisankho chotsatira, ndimuwerenge ngati watsopano kapena wobwerera? Nanga nduna yomwe dzina lake limapambana chisankho chilichonse koma pampandopo sikhalapo? Mnzanga wa m'kalasi akuti ndingotenga maina a tsiku lolumbira, zinazo ndizisiye. Aphunzitsi akuti ndisankhe njira imodzi, ndiilembe poyera, ndiitsate mpaka kumapeto. Vuto lina laling'ono koma lotopetsa ndi kalembedwe ka maina, poti munthu mmodzi pena alembedwa maina anayi, pena awiri, ndipo kompyuta imamuyesa anthu awiri.

Ndasankha kugawa tebulo langa patatu: ochotsedwa ndi mavoti, ochotsedwa ndi chipani, ndi ochoka okha. Gawo lachiwiri ndi lachitatu kusiyanitsa kwake nkovuta, chifukwa wotsitsidwa pa lista kawirikawiri amati wangofuna kupuma. Loweruka ndikupita ku Tete kukafunafuna malista akale a chigawo chathu, ndi manambala ake omwe.